MAGALIMOTO AKALE A KU WATTVILLE: ZIMENE NDIKONDA NDI ZIMENE NDIDANA NAZO

Abale anga a ku migodi, ambiri a inu mukabwera kudzacheza kuno ku Benoni tsiku Lamulungu mumaona magalimoto akale atandandalika m'mbali mwa misewu ya Wattville, anyamata ali kuwatsuka ndi kuwapukuta. Alendo ena amadzera manda a Oliver Tambo amene ali m'lokeshoni muno, koma ena a inu, ndidziwa, maso anu amatsalira pa Cortina kapena pa Cressida, ndipo mumtima mumayamba kuwerenga ndalama zimene mwasunga. Ine ndagwira sipanala zaka zambiri pano, tsono ndifuna kukuuzani maganizo anga pa ntchito yosintha magalimoto otere, musanaponye thukuta lanu m'manja mwa munthu.

Sindiri mmodzi wa aja amati galimoto yakale isakhudzidwe konse, iai. M'dziko lino oyamba kusintha magalimoto anali akatswiri ndi eni mafakitale omwe. M'chaka cha 1970 Basil Green wa ku Johannesburg anatenga Ford Capri naikamo injini ya V8 ya malita 5, natcha galimotoyo Perana, ndipo inkagulitsidwa m'magalaja a Ford. Mu 1981 kunatuluka Cortina XR6 Interceptor ya makabuleta atatu a Weber. Mu 1984 kunabwera Sierra XR8, imene anapanga pafupifupi 250 basi. A BMW ku Rosslyn nawonso mu 1985 anapanikiza injini yaikulu ya malita 3.2 m'thupi laling'ono la 333i, mwakuti wogula ankasankha chimodzi, choziziritsa m'kati kapena chofewetsa chiwongolero, pakuti zonse ziwiri sizikanakwana pansi pa boneti. Koma onani ichi: anthu amenewa powonjezera mphamvu ankakonzanso zoimitsira mphamvuyo. XR8 ija inali ndi mabuleki a disiki pa mawilo onse anai. Anyamata athu atengera injini, mabuleki aiwala.

Chifukwa chake chimene ndikonda koposa ndi kusintha kumene sikuoneka ndi maso. Munthu akabwera ndi Cortina nati, "Amisiri, yambani ndi mabuleki," ndidziwa kuti ndiri kulankhula ndi munthu wamkulu. Mapaipi a labala a mabuleki amene akhala zaka 40 amafufuma ndi kung'aluka, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa limu imodzi yonyezimira. Redieta yatsopano ndi chabwino china, pakuti njira ya kumudzi idzera ku Tete, ndipo aliyense amene anaolokapo Zambezi mwezi wa October adziwa kutentha kwake. Ndikondanso kuchotsa mapointi ndi kuika moto wa ilekitironiki, chifukwa galimoto imalira msanga m'mawa wa chisanu cha June, osafuna ana okankha. Koma mapointi akalewo musataye. Akulungeni m'kansalu muwaike m'galimoto momwemo. Ndipo ngati malamba a pamipando mulibe kapena anatha, ikani atsopano, ngakhale wina aseke kuti Valiant sinabadwe nawo otere.

Pali zina ziwiri zimene ogulitsa sakuuzani. Injini ya Essex V6, ya malita 3, imene ili m'ma Cortina aakulu, ili ndi giya la kutsogolo la mano ofewa, osati a chitsulo. Manowo akakalamba amagumuka tsiku limodzi popanda chenjezo, galimoto n'kuima pamenepo. Amisiri odziwa amaikapo giya lachitsulo. Limalira pang'ono, koma ine phokoso limenelo ndimagona nalo tulo. Chachiwiri ndi petulo. Kuyambira 2006 petulo wa mtovu analeka kugulitsidwa m'dziko lino, pamene injini zambiri zakale zinapangidwira petulo ameneyo, chifukwa mtovu unkateteza pokhalira mavavu. Popanda mtovu malowo amadyeka pang'onopang'ono, makamaka pa ulendo wautali wothamanga. Mankhwala othira mu thanki alipo, koma wofuna kugona mtima pansi amapereka mutu wa injini ku shopu kuti aikemo zokhalira zolimba.

Tsono ndifike pa chimene chimandiwawa mtima, ndicho kudula masipuling'i. Mnyamata afuna galimoto yake ikhale pansi ngati fulu, ndalama zogulira masipuling'i opangidwira ntchitoyo alibe, basi atenga galainda nadula mapiringu awiri. Ena amachita kuwotcha ndi moto wa gasi kuti sipuling'i ifooke, ndiko kuononga chitsulo kotheratu. Sipuling'i yodulidwa imauma, mpata wake woyendamo umachepa, mashoka amagunda pansi natha msanga, ndipo pa dzenje lalikulu ikhoza kuchoka pamalo pake chifukwa yafupika. Ndawaona akuwoloka mahampu a muno m'lokeshoni chopingasa, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yotsika m'basi, okwera atayamba atsika. Kuno tiseka chabe. Koma inu mufuna kupita nayo kumudzi. Kuchokera ku Joni kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue kufikira ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 1,600, m'galimoto muli masutikesi, mabulangete ndi njinga pamwamba. Ndipo phula likatha patsala msewu wa fumbi wolowera kwanu, wa mizere iwiri ndi mtumbira pakati. Mwala umodzi ukaboola sampu, oilo yense atayika, ndipo mukapanda kuzimitsa msanga injini yapsa. Amayi anu adzaona galimoto ya mwana wao ikulowa m'mudzi mokokedwa ndi ng'ombe.

Malimu aakulu a matayala opyapyala ndi mbale wake wa vuto lomweli. Dzenje limapinda limu, ndipo tayala la mtundu umenewo simudzalipeza msanga pa Ntcheu kapena pa Mzimba. Tayala wamba la mainchesi 13 kapena 14 lili paliponse.

Za gusheshe ndinene mosamala, pakuti ndi mfumu ya m'malokeshoni. Dzinali apatsa BMW 325i ya thupi la mabokosi, ndipo yolemekezeka koposa ndi 325iS ya malita 2.7 imene inatuluka mu 1990. Masewera oizunguza mpaka utsi kuti tolo anayambira m'malokeshoni m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2014 bungwe la Motorsport South Africa linawalandira kukhala masewera ovomerezeka. Kuonerera ndikonda, ndipo luso la anyamatawo ndilitama. Koma galimoto yozunguzira musaigule kuti ikhale ya banja. Kawirikawiri difu yake anaiwotcherera kuti mawilo onse awiri a kumbuyo azizungulira mofanana. M'bwalo la masewera ndi bwino, koma pa kona ya msewu wonyowa kumbuyo kumathawa. Mukamayesa galimoto yotere ikhotetseni pang'onopang'ono pamalo ouma. Mukamva matayala a kumbuyo akudumphadumpha ndi kulira, bwezani makiyi mutsazike.

Pa nkhani yochotsa injini yakale ndi kuikamo ina, mtima wanga uli pawiri. Masiku ano ambiri amakonda V8 ya Lexus ya malita 4, yobwera kuchokera ku Japan itagwirapo kale ntchito. Ndi injini yabwino ndithu, yofatsa ndi yolimba, ndipo mu Cressida imakhala ngati kwao, popeza zonse ndi za Toyota. Koma imayendera kompyuta. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kwathu amamasula kabuleta ndi sikuludiraiva naitsuka ndi petulo, galimoto n'kulira. Mawaya a kompyuta amene munthu wina analumikiza mwa nzeru zake yekha ku Benoni adzawayang'ana ndi kugwira pakamwa. Kumbukiraninso kuti pa chipata cha Mwanza msonkho wa galimoto umayang'ana zaka zake ndi kukula kwa injini.

Choopsa chenicheni ndi mapepala. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambalayo inalembedwa m'zikalata za galimoto. Mukasintha injini, lamulo lifuna kuti apolisi aione, apereke chikalata chosonyeza kuti si yakuba, ndipo nambala yatsopano ilembedwe ku ofesi ya malaisensi. Ambiri amazengereza nagulitsa galimoto ili chomwecho. Wogulayo, mlendo wa pasipoti, ndiye amagwidwa pa msewu kapena pa Beitbridge, galimoto n'kutsekeredwa, masiku a tchuthi n'kuthera pa benchi. Musanapereke ndalama tengani tochi ndi kansalu, pukutani pa injini, muwerenge nambalayo ndi maso anu ndi kuifananitsa ndi ya pa pepala. Pakaoneka popalidwa ndi tupa, musamvere nkhani iliyonse.

Penti ndiikonda ikakhala ya mtundu umene galimoto inabadwa nao. Citi Golf, imene inapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, inayamba ndi mitundu itatu, yofiira, yachikasu ndi yabuluu, ndipo kufikira lero sindinaone mtundu woiposa imeneyo. Koma penti yonyezimira imabisa zambiri, makamaka pa galimoto yochokera ku Durban kumene mphepo ya nyanja imadya chitsulo. Yendani ndi kamaginito. Pamene sikagwira m'munsi mwa zitseko pali phala lomata dzimbiri. Za kuboola zitseko ndi shelefu ya kumbuyo kuti muikemo masipika sindinena zambiri. Nyimbo ndi zabwino, koma bowo silibwerera, ndipo ogula magalimoto akale ndi ndalama zenizeni amafuna m'kati mosadulidwa. Chilichonse chimene mwamasula, chiwongolero, wailesi kapena malimu, sungani m'thumba pansi pa bedi. Tsiku logulitsa thumbalo lidzakweza mtengo.

Wina akandifunsa yoti apite nayo kumudzi ndimati Nissan 1400, kabaki kaja kanayamba mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200 nikapangidwa mpaka 2008. Zipangizo zake n'zosavuta kupeza, ndipo matumba a feteleza kamanyamula. Ikani matayala abwino ndi kanope, zina zisiyeni.

Imodzi yokha ndiyo ndimakana kuisintha maonekedwe ngakhale mwini atandilonjeza ndalama zingati, ndiyo Chrysler Valiant. Kuyambira 1966 mpaka 1968 inali galimoto yogulidwa koposa zonse m'dziko lino, ndipo isanabwere minibasi ndiyo inali takisi ya m'malokeshoni. Madala amene anabwera ndi Wenela chisanafike chaka cha 1974 anaikwera atavala jekete ndi chipewa, atapanikizana pa mpando wautali wa kutsogolo. Injini yake ya masilinda 6, yopendekera mbali imodzi, sitopa msanga. Mwezi wathawu mnyamata wina anabwera nayo kuti ndichotse mpando wautaliwo ndiikemo iwiri ya mpikisano. Ndinamkonzera mabuleki ndi redieta, ndipo za mpandowo ndinamuuza kuti akafune mmisiri wina ku Actonville.