Bwanji Thanzi ORS amakhala ndi mchere ndi shuga?

Mvula yayamba, ngalande za kumsika zasefukiranso, ndipo ine mtima suli m'malo. Paja kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Dzulo pamjigo mayi wina anandifunsa kuti, "Wotsekula m'mimba osangomugulira chakumwa cha m'botolo bwanji?" Yankho lake lili m'matumbomu.

Thupi lathu ndi maselo okhaokha, ndipo selo iliyonse inakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kokhala ndi timakomo. Kakhunguka ndiye mlonda, kamasankha cholowa ndi chotuluka. Madzi amalondola komwe kwachuluka mchere kapena shuga. Si mwaonapo tomato akutuluka madzi mukamuwaza mchere?

Poizoni wa kolera amasiya timakomo totulutsira mchere tili chitsegukire. Mchere umakhuthukira m'matumbo, madzi n'kutsatira, munthu n'kufookeratu. Mwamwayi, pali kakhomo kena komwe kolera sakakhudza. Kameneka kamalowetsa mchere pokhapokha utabwera limodzi ndi shuga wa glucose. Ziwirizi zikalowa, madzi amabwerera m'thupi.

Koma shuga akachulukitsa, ngati wa m'botolo uja, amakokeranso madzi m'matumbo. Ndiye abale, paketi imodzi musungunule mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira. Wodwalayo muzimumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche.