"Iwe" wakeyu akutithawitsira makasitomala

Tafikani mu msika wa Limbe kapena pa Wakawaka ku Lilongwe m'mamawa, nthawi imene malole a kabichi ndi mbatatesi ochokera ku Tsangano ndi ku Lizulu akutsitsa katundu. Mawu amene amamveka kwambiri si "mwadzuka bwanji" ayi. Ndi "Iwe! Tanyamula apa!" Amene akutchulidwa iweyo nthawi zina ndi bambo wa imvi, wa ana asanu, amene wasenza thumba lolemera kuposa mwini katunduyo.

Chodabwitsa n'chakuti omwe akukalipawo ndi omwenso amadandaula kwambiri akapita ku banki kapena kuchipatala. Ati kalaliki sanawayang'ane n'kumaso komwe, ati namwino wawayankha ngati akuyankha mwana. Zoona, mwano ulipo m'maofesimu ndipo sitikuuikira kumbuyo. Koma paja anyani amasekana zikundu.

Akuluakulu akukumbuka m'mene zinalili nthawi ya chipani chimodzi. Pageti la msika pankaima anyamata a malaya ofiira kufunsa khadi lachipani, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake. Basi zinali za UTM, ikakusiya n'kudikira basi, ukadandaule kwa yani? Masiku amenewo ulemu unkangoyenda njira imodzi, kuchoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu. Wapansi pako unalibe naye ngongole ya "zikomo".

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha mu May 1994 zitadutsa, malonda anamasuka. Maminibasi anadzaza misewu, mavenda anayala paliponse, wogula anayamba kusankha. Koma khalidwe lija loyang'ana kaye nsapato za munthu tisanamupatse moni silinapite nawo ayi. Ena mpaka anamva ngati demokalase ndi chilolezo chotukwana aliyense amene wamulipira.

Lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003, nalo bungwe la CAMA lakhala likufuula za mitengo ndi katundu wachinyengo. Sikelo yobera mukhoza kukaineneza. Nanga nkhope yokwinya mukaisumira kukhoti liti? Chisamaliro chimene wogula amalandira chimaphikidwa pomwepo pabenchi, ndipo nkhuni zake timasonkhezera ndife.

Taganizani za mtsikana amene mwamulemba kuti azikugulitsirani pa okala kapena mu lesitilanti. Wafika 6 koloko, waima tsiku lonse, ndiye mwamukalipira pamaso pa anthu chifukwa cha chenji chochepa, mwamutchula mbuzi. Inu mwachoka kukapikula katundu. Kasitomala woyamba kufika ndiye alipire mlanduwo. Akafunsa sopo, yankho ndi "kulibe", maso ali pa foni, chonsecho katoni ili pansi pa shelefu. Kasitomalayo sakudziwa za mbuzi ija. Iye akakauza anzake kuti pa okala ya mayi uje pali mwano, dzina loipa n'kukhala lanu.

Ndipo wamalonda aliyense ndi kasitomala kangapo patsiku, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Kwa kondakitala, mtengo wa katundu mu minibasi sunalembedwe paliponse. Umatuluka m'mene mwayambira kukamba. "Achimwene, tithandizeni ndi madenguwa" ndi "Iwe, kweza izi" sizilipira mofanana, ndipo dengu lina limakhala pabwino pamene lina amalikhalira. Wa Airtel Money kapena Mpamba amene mumamulonjera ndi yemwe angasiye mzere kuti akuimbireni foni mukatumiza ndalama ku nambala yolakwika. Mayi wa pa chiimilire naye ali ndi dzanja, amadziwa mbale yoikamo nthuli yaikulu. Inu nomwe basela simupatsa aliyense, eti? Mumaonjezera tomato mmodzi kwa amene wakusekererani, wokalipa mumamuwerengera ndendende.

Wina anena kuti ulemu sadya, chachikulu ndi ndalama. Pamenepo tivomerezane pang'ono, chifukwa ulemu wapakamwa pokha ndi chinyengo. Kumutchula munthu "madala" kenako n'kumudula ndalama imene munapangana, kapena kumuponyera pansi kuti atole, kapena kumulipira ndi matimati oola amene simukanagulitsa, kumeneko n'kutukwana ndithu.

Anyamata aganyu ndi amawilibala amauzana zonsezi, musaganize kuti sakamba. Iwo ndi amene amayamba kudziwa lole imene yafika usiku ndiponso amene watsitsa mtengo, ndipo nkhaniyo amakanong'oneza kwa amene amawatenga ngati anthu. Winayo akakuwa kuti "Iwe!" onse amagontha nthawi imodzi. Thumba lake limakhala pamsewu dzuwa n'kuliwomba, mnzake wa benchi loyandikana atagulitsa kale beseni loyamba.