Mpikisano wothamanga aliyense kwawo: yambirani ku nsapato

Pa 4 Okutobala 2020, anthu oposa 37,000 anamaliza mpikisano wothamanga wa London Marathon. Koma anthu amenewa sanakumane pamalo amodzi. Wina anathamanga m'misewu ya kwawo. Wina anazungulira paki ya pafupi ndi nyumba yake. Ena anali kumaiko akutali ndithu. Onse anayenda mtunda wofanana, makilomita 42 ndi mamita 195, pa tsiku limodzi.

Zinatheka bwanji? Ndipo munthu wamba, ngati inu ndi ine, angacite nawo bwanji mpikisano wotere osadzipweteka? Tiyeni tione.

Cinacitika n'ciyani ku London?

Mpikisano wa London Marathon unayamba mu 1981. Nthawi zambiri umacitika mu Epulo, ndipo khamu la anthu limadzaza misewu ya mzindawo. Mu 2020 kunagwa mliri wa COVID-19. Anthu analetsedwa kusonkhana. Okonza mpikisano anausunthira ku Okutobala, ndipo anaugawa pawiri.

Akatswiri ocepa okha ndiwo anathamangira pamodzi. Iwo anazungulira paki ya St James's, opanda anthu oonerera. Mbali ya amuna anapambana Shura Kitata wa ku Ethiopia. Mbali ya akazi anapambana Brigid Kosgei wa ku Kenya.

Anthu wamba anauzidwa kuti: thamangani komwe muliko. Anapatsidwa tsiku lonse lathunthu kuti amalize. Wofuna kuthamanga, kuthamanga. Wofuna kuyenda, kuyenda. Wotopa amapuma, kenako n'kupitiriza. Foni ndiyo inali kuwerenga mtunda. Amene anamaliza anawatumizira mendulo kunyumba.

Caka comweco mipikisano ina ikuluikulu inacitanso cimodzimodzi, monga Boston Marathon ku America ndi Comrades Marathon ku South Africa. Mliri unapita, koma mipikisano yamtunduwu ilipobe. Pa Cipwitikizi amati corrida virtual.

Umayenda bwanji?

Coyamba, mumalembetsa dzina pa intaneti. Mipikisano ina ndi yaulere, ina ndi yolipira. Mumasankha mtunda umene mungathe: makilomita 5, 10, 21 kapena 42. Okonza amakuuzani tsiku, kapena masiku angapo, oti muthamange.

Caciwiri, mumaika pulogalamu yowerenga mtunda mu foni yanu. Imodzi yodziwika kwambiri ndi Strava. Mipikisano ina ili ndi pulogalamu yakeyake. Foni imadziwa pamene muli pogwiritsa nchito GPS. Iyi ndi njira yolandirira mauthenga kucokera ku masetilaiti amene ali kumwamba. GPS siidya mamega. Mamega amafunika poika pulogalamu ndi potumiza zotsatira.

Cacitatu, mumathamanga. Mukamaliza, mumatumiza nthawi yanu kwa okonza. Dzina lanu limalowa pamndandanda pamodzi ndi anthu a kumaiko ena. Ena amapereka setifiketi, ena mendulo.

Cenjerani pa nkhani ya ndalama. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene wangokulemberani uthenga. Funsani kaye: mpikisanowu akukonza ndani? Kodi anacitapo wina kale? Kodi mendulo imafika kuno kwathu, ndipo wolipira potumiza ndani? Ngati mayankho sakumveka, yambani ndi mpikisano waulere.

Nchito yonse ili pa inu

Pa mpikisano wamasiku onse, okonza amatseka msewu. Amaika madzi m'njira. Pamakhala anamwino ndi ambulansi. Mukagwa, wina amakudzutsani.

Pa mpikisano wothamanga kwanu, zonsezi palibe. Njira musankha nokha. Madzi mukonza nokha. Phazi likapweteka muli makilomita anayi kucokera kunyumba, mubwerera nokha, mukutsimphina. Kwa munthu wolima, wogulitsa pamsika kapena wopalasa njinga, phazi lovulala ndi masiku otayika. N'cifukwa cake kukonzekera kumayambira pansi, ku mapazi.

Kodi nsapato n'zofunikadi?

Mwina mukuti: "Aa, ife tinakula tikuthamanga opanda nsapato." Zoona. Ndipo pali munthu wina wochuka amene anacita zimenezo pamaso pa dziko lonse. Mu 1960, pa masewera a Olimpiki ku Rome, Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon wopanda nsapato. Nsapato zimene anapeza sizinamukwane bwino, ndiye anazisiya. Mapazi ake anali ozolowera kale kuthamanga osavala kanthu. Patapita zaka zinayi, ku Tokyo mu 1964, anapambananso. Ulendo uno anavala nsapato, ndipo anathamanga mwacangu kuposa poyamba.

Nkhani ya Bikila ikutiphunzitsa cinthu cimodzi. Nsapato yosakwana ndi yoipa kuposa kusavala. Koma nsapato yokwana bwino imathandiza.

Pothamanga, phazi limamenya pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu. Pa makilomita asanu okha, mapazi amaponda pansi maulendo masauzande. M'njira muli miyala, minga, magalasi osweka ndi phula lotentha. Nsapato yothamangira, imene ambiri amati sapatilya, imateteza phazi ku zonsezi ndipo imafewetsa kugunda.

Si nsapato iliyonse yoyenera. Patapata amavuka ndipo amakupunthwitsani. Nsapato ya mpira ili ndi zisonga pansi. Inapangidwira udzu, osati msewu. Nsapato ya cikopa yopitira ku chalichi kapena ku ukwati ndi youma ndi yolemera. Jombo nazonso ayi.

Kasankhidwe ka nsapato

Musayambe ndi kuona dzina kapena mtundu wake. Yambani ndi phazi lanu. Nazi mfundo zisanu ndi imodzi.

1. Pitani kukagula madzulo. Phazi limatupa pang'ono tsiku likamapita, ndipo limatupanso pothamanga. Nsapato yokwana m'mawa ingathine madzulo.

2. Tengani sokosi zimene muzithamanga nazo. Yesani nsapato mutavala sokosizo.

3. Yesani mapazi onse awiri. Anthu ambiri phazi limodzi ndi lalikulupo kuposa linzake. Gulani poyang'ana lalikululo.

4. Imirirani, ndipo dinani kutsogolo kwa nsapato. Pakati pa cala cacitali ndi mapeto a nsapato patsale malo okwana cala cacikulu ca kudzanja. Malowa akasowa, zikhadabo zimada, mwinanso kucoka.

5. Gwedezani zala. Ziziyenda momasuka. Koma cidendene cisamatuluke mukamayenda. Cidendene cikamakhula kumbuyo, mudzatuluka matuza.

6. Mangani zingwe, yendani, dumphani, thamangani pang'ono pomwepo. Musacite manyazi ndi wogulitsa. Ngati ikupweteka pamsika, idzapwetekanso panjira. Mawu akuti "idzatanuka, bwana" musawamvere.

Nambala yolembedwa pa nsapato isakupusitseni. Nambala 41 ya kampani ina si yofanana ndendende ndi 41 ya kampani inzake. Maiko nawonso amawerenga mosiyana. Musatume mwana kuti akakugulireni. Pitani nokha ndi mapazi anu.

Ganiziraninso njira imene muzithamangamo. Pa phula, nsapato yopepuka ndi yofewa pansi ndi yabwino. Pa msewu wafumbi, wamiyala kapena wamatope, funani yokhala ndi mano pansi kuti musaterereke.

Nanga zodula kwambiri zija, zimene akatswiri amavala? Zina zili ndi kapepala kolimba ka kaboni m'kati, ndipo pansi pake ndi pokhuthala kwambiri. Zimathandiza akatswiri kudula masekondi. Mu 2020 bungwe la World Athletics linaika lamulo loti pa mipikisano ya mumsewu, pansi pa nsapato pasapose mamilimita 40. Imeneyo ndi nkhani ya anthu olimbirana mendulo za golide. Inu amene mukuyamba simukuzifuna. Yokwana bwino ndiyo yabwino, basi.

Mukagula za kalamidadi

Ambiri a ife nsapato timagula pa mulu wa kalamidadi, zimene ena amati kaunjika. Palibe colakwa. Pamenepo pamapezeka nsapato zolimba pa mtengo wofikirika. Koma nsapato ingaoneke yoyera kunja pamene m'kati inatha kale. Iyeseni motere.

Itembenuzeni, muone pansi. Ngati mano anaperepeseka, kapena mbali imodzi inadyeka kwambiri, isiyeni. Iikeni pamalo osalala, muiyang'ane ca kumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi, idzapendeketsanso phazi lanu. Dinani ndi cala mbali yofewa ya pakati, imene ili pamwamba pa mphira wa pansi. Iyenera kulowa pang'ono n'kubwerera. Ngati ndi youma gwa, kapena ili ndi makwinya ambiri, mphamvu yake inatha. Ipindeni. Iyenera kupindika kutsogolo, pamene zala zimapindikira, osati pakati. Lowetsani dzanja m'kati, mufufuze ngati muli msoko wokanda kapena pobooka kumbuyo. Pomaliza onetsetsani kuti zonse ziwiri ndi nambala imodzi.

Mukafika kunyumba, zicapeni ndi sopo, ziume bwino pamthunzi pamene pakupita mphepo. Musaziumitse pamoto, cifukwa guluu amasungunuka.

Dziwaninso kuti nsapato zimakalamba. Odziwa za kuthamanga amati nsapato yatsopano imagwira nchito bwino makilomita 500 mpaka 800. Ya kalamidadi inayenda kale mtunda wina, ndiye siikhalitsa conco. Mukayamba kumva mawondo kapena misongolo ikuwawa pamene kale simunkamva, yang'anani nsapato. Ngati n'kotheka, zisungireni kuthamanga kokha. Kumunda ndi kumsika valani zina.

Kukonzekera thupi

Tonse timam'dziwa Lurdes Mutola, amene anapatsa Mozambique mendulo ya golide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000. Iye anayamba ndi kumenya mpira ku Maputo, ndipo anaphunzira kuthamanga kwa zaka zambiri asanafike pamenepo. Nanunso musafune zonse tsiku limodzi. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Sankhani makilomita 5 poyamba. Dzipatseni miyezi iwiri. Tulukani katatu pa sabata, ndipo pakati pake pakhale tsiku lopuma. Sabata yoyamba, thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi ziwiri, bwerezani mpaka mphindi 20 zikwane. Sabata iliyonse onjezerani kuthamanga pang'ono, n'kucepetsa kuyenda. Liwiro labwino ndi limene mungathe kulankhula ndi mnzanu mukuthamanga.

Masiku amenewa ndiwo ozolowetsa nsapato. Musavale nsapato yatsopano pa tsiku la mpikisano. Ivaleni milungu iwiri kapena itatu lisanafike tsikulo.

Ngati muli ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi kapena shuga, kapena muli ndi pakati, pitani kaye kucipatala mukafunse. Odwala shuga asamale kwambiri mapazi, cifukwa cilonda caphazi cimacedwa kupola. Mukamva kupweteka pamtima, cizungulire kapena kubanika kwambiri, imani pomwepo ndipo funani thandizo.

Tsiku la mpikisano

Sankhani njira imene mukuidziwa, ndipo muiyeseretu ndi foni masiku angapo m'mbuyo. Njira yozungulira pafupi ndi kwanu ndi yabwino, cifukwa mumadutsa pa madzi anu kangapo. Pewani pansi pa mitengo yowirira ndi pakati pa nyumba zazitali, cifukwa GPS imasokonezeka.

Ganizirani za nyengo. Kumalo otentha ngati mzinda wa Tete, yambani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Kumalo okwera ngati Lichinga kapena Angónia, m'mawa kumazizira, makamaka mu Juni ndi Julayi. Yendani kaye mphindi zisanu kuti thupi litenthe.

Kuno magalimoto amayenda kumanzere. Inu thamangani kumanja kwa msewu, kuti muziona galimoto ikubwera kutsogolo kwanu. Valani malaya owala. Musatseke makutu onse ndi nyimbo.

Chajani foni usiku. Wengani zikhadabo za kumapazi kukadali masiku awiri. Idyani cakudya copepuka, monga phala kapena nthoci, maola awiri musanayambe. Uzani wina wa kunyumba njira imene mudutse ndi nthawi imene mubwere. Cabwino koposa, pemphani mnzanu akutsatireni pa njinga atanyamula madzi. Musanayambe, dikirani foni ipeze GPS, kenako dinani poyambira. Mukamaliza, musaiwale kudina poimitsa ndi kusunga.

Palibe wokuonani

Pali cinthu cimodzi cotsala. Pa mpikisano uwu palibe woimba mluzu. Munthu angathe kukwera njinga foni ili m'thumba, kapena kupatsa foni mnyamata wothamanga kwambiri. Nthawi idzaoneka yabwino pamndandanda, koma mwini wake adzadziwa kuti si yake.

Tumizani nthawi yanu yeniyeni, ngakhale mutayenda theka la njira. Ilembeninso m'kope, pamodzi ndi tsiku, mtunda ndi mmene mapazi anamvera. Mwezi wamawa mudzathamangenso njira yomweyo, n'kuyerekeza. Kope lomwelo lidzakuuzani makilomita amene nsapato zanu zayenda, ndi nthawi yoyamba kusunga ndalama za zina.