Maswiti a Kobiri Limodzi

Inu makolo anzathu a m'midzi, amene imvi zayamba kukuyerani monga ife, mukumbukira kodi kobiri lija lobooka pakati? Ndilo linatuluka m'chaka cha 1955, masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mbali yake imodzi panali njovu ziwiri zoimirira. Makobiri 3 ndiwo tiki, makobiri 12 ndiwo sheleni. Ana ife tinalibe matumba, chifukwa chake mwana akapata kobiri analipisa pa kachingwe namanga m'chiuno kuti lingatayike m'njira.

Zotsekemera za kumudzi sitinali kuzisowa ai. Misale inali m'munda, masuku m'thengo, uchi m'mphako za mitengo. Koma shuga anali wa alendo ndi odwala okha, pakuti makina a ku Nchalo anayamba kupera nzimbe m'chaka cha 1966, ife titakula kale. Tsono switi ya ku sitolo inali chinthu china ndithu. Maswitiwo anali kukhala m'mabotolo akulu agalasi pa thebulo la Mmwenye, ena ofiira, ena amizeremizere, onse olimba ngati mwala wa kumtsinje. Ndipo mwana anali kuima pamenepo nthawi yaitali, kobiri lili thukuta m'dzanja, kufikira mwini sitolo atatopa naye. Tsiku lamwai anaonjezapo imodzi ya banyira.

Switi siinali kudyedwa ndi munthu mmodzi. Tinaiika pa tsamba, wamkulu naiphwanya ndi mwala, ndipo yense anatola kachidutswa kake, wamng'ono nanyambita tsambalo. Kutafuna kunali mlandu. Wotafuna tinamuyesa mbuli, chifukwa kachidutswa kosungidwa bwino m'tsaya kanatha kufikitsa munthu kumudzi.

Koma pali tsiku limodzi limene sitiliiwala. Amai anatituma ife awiri, mkulu ndi mphwake, kukagula mchere wa tiki, ndarama imene anaipeza pogulitsa mazira. Titafika ku sitolo maso anakana kuchoka pa mabotolo aja, ndipo tinapangana monong'ona kuti mchere wa makobiri 2 sungasiyane ndi wa makobiri 3. Tinagula motero, maswiti ndi kuthera m'njira, malilime ndi kutsukidwa pa chitsime.

Amai analandira kaphukusi, nakayesa m'dzanja mwao, natiyang'ana. "Ana inu, mchere wakwera mtengo kodi?" Ife tinati, "Inde amai, wakwera." Sanatenge mkwapulo, sananenenso mau ena. Masiku anapita, mchere unatha nthawi yake isanakwane, ndipo madzulo atatu tinadya nkhwani yosakolera. Atate anabwera kumunda atatopa, nadya nsima yao chete osafunsa kanthu. Kudya kwao kwa cheteko kunatipweteka koposa mkwapulo. Usiku wachitatu mphwathu analira pa mphasa naulula zonse. M'mawa mwake amai anatipatsa makasu, tikapalire kwa mnansi wathu kufikira kobiri litabwera.

Makobiri obooka aja anatha nchito, ndipo m'chaka cha 1971 kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Limodzi tinalipeza chaka chatha m'munda polima, litada bii. Mdzukulu wathu analitembenuza kawiri, nafunsa ngati ndi chitsulo chogwa pa njinga.