Kusiyanitsa mapuloteni kuyambe ndi masamu

Alimi a kwa Dzoole ndi a m'mapiri a Ntchisi amadziwa kuti mphamvu ya soya ili m'mapuloteni ake. Insulin amene odwala matenda a shuga amabayidwa m'zipatala zathu nayenso ndi puloteni, ndipo asanalowe m'botolo amayenera kupatulidwa ku mapuloteni ena ambirimbiri. Njira imodzi yodalirika ndi ion-exchange chromatography. Madzi a mapuloteni amadutsa m'chubu chomwe m'kati mwake muli mphamvu yokoka ya magetsi, puloteni iliyonse n'kumatirira molingana ndi mphamvu yake. Kenako amawonjezera mchere pang'onopang'ono: yogwira mofooka imatuluka koyamba, yokakamira imatsalira. Kawirikawiri chubucho amachidzaza ndi timikanda, madzi n'kumayenda mochedwa. Stellan Hjertén mu 1989, kenako Frantisek Svec ndi Jean Fréchet mu 1992, anasonyeza kuti chinthu chimodzi chathunthu chonga siponji, chotchedwa monolith, chimalola madzi kuthamanga popanda kusakanizanso mapuloteniwo.

Ine ndikuti ntchitoyi iziyambira pa kompyuta. Masamu amene Brooks ndi Cramer anafalitsa mu 1992 amaneneratu kuchuluka kwa mchere wofunika kumasula puloteni iliyonse, ngakhale chubu chitadzaza, mapuloteni n'kuyamba kulimbirana malo. Ena amati masamu sangalowe m'malo mwa kuyesa kwenikweni. N'zoona, manambala ake amachokera m'labotale. Koma kuyesa kulikonse kumadya puloteni yodula, ndipo masamu amachepetsa maulendo oyesawo. Kwa dziko losowa zipangizo ngati lathu, wophunzira wa ku Bunda angayambe luso limeneli ndi laputopu yokha, makina asanafike.