WOFUNA UOFISALA ASATHAWE MASAMU

ANYAMATA ambiri akaona asilikari a pa Gonda Barracks ku Chipata alikuguba, amabwerera kumudzi mitima ili dyokodyoko, nayamba kuthamanga m'mamawa uliwonse. Kuthamangako nkwabwino ndithu, pakuti usilikari sufuna munthu wofooka. Koma mnyamata kapena mtsikana amene afuna kudzakhala ofisala adziwe kuti akuluakulu olemba nchito amayamba ayang'ana satifiketi asanaone miyendo.

Maofisala a Zambia Army amaphunzira pa Kohima Barracks ku Kabwe, ndipo a gulu la ndege ali ndi sukulu yao ku Livingstone. Malo amakhala ocepa, ofunsira ali namtindi. Cimene cimafunika ndi satifiketi ya Giredi 12 yokhala ndi makirediti, makamaka m'Cingelezi, masamu ndi sayansi. Makolo amvetse bwino apa: pa mayeso a Examinations Council of Zambia kirediti ndi nambala yoyambira pa 1 kulekeza pa 6. Mwana wopata 7 kapena 8 m'masamu wakhoza inde, koma kirediti alibe, ndipo kalata yake ingaikidwe pambali ngakhale atapambana m'maphunziro ena onse.

Nanga masamu alowa bwanji pa nkhani ya mfuti? Ofisala ndiye amawerenga mapu ndi kampasi potsogolera gulu m'thengo usiku. Ndiye amawerengera mtunda umene mzinga uyenera kuponya cipolopolo, ndiponso ufa, madzi ndi mafuta amene angakwanire anthu ake pa ulendo wa milungu iwiri. Akaphonya, amene amagona ndi njala kapena kutaya miyoyo ndi ana a eni ake. Woyendetsa ndege ndiye sangacite kanthu popanda masamu ndi fizikisi. Cingelezi naco cifunika cifukwa malamulo ndi malipoti onse a usilikari amalembedwa m'cinenero cimeneci.

Cobvuta ncakuti ana ambiri amataya mtima pa masamu akali m'makalasi apansi, nalimbikira okhawo maphunziro oloweza pamtima. Kulakwa kwake kumadzaoneka patapita zaka, tsiku limene cilengezo ca nchito catuluka. Amene anaphonya kale asakhale manja lende: angathe kulembanso phunziro limene linawabvuta pa mayeso a GCE, koma afulumire, popeza usilikari uli ndi malire a zaka zakubadwa.

Njira ina ndi ya ku koleji. Magulu a nkhondo amalembanso anthu amene anatsiriza maphunziro a nchito zimene iwo azisowa, monga madokotala, anamwino, mainjiniya ndi maloya. Cipatala ca asilikari ca Maina Soko ku Lusaka cifuna odziwa za mankhwala. Magalimoto, ndege ndi mawailesi zifuna akatswiri ozikonza. Conco wopita ku University of Zambia, ku Copperbelt University kapena ku Northern Technical College ku Ndola aganize mofatsa asanasankhe kosi, osangotsata kumene anzake alowera. Ife tiona kuti kosi yabwino ndi imene ingam'dyetse munthu ngakhale atakanidwa ku usilikari, pakuti ena amabwezedwa ndi dokotala pa cifukwa ca maso cabe. Wokhala ndi mwai wophunzira Cifalansa asaunyoze: kuyambira m'caka ca 2015 Zambia inatumiza asilikari ake kukasungitsa mtendere ku Central African Republic, kumene cinenero cimeneci cimalankhulidwa.

Makolo acenjere ndi anthu oyendayenda m'midzi amene amati ali ndi m'bale wao ku likulu la asilikari, napempha ndalama kapena ng'ombe kuti apezere mwana malo. Akuluakulu a nkhondo akhala akucenjeza kuti kufunsira usilikari nkwaulere. Wobwera ndi mau otere akam'nenere ku polisi, ndipo ndalamazo zikalipire mayeso a mwana.