Aphunzitsi a madzulo a ku Britain

Kwathu kuno tikamva za sukulu ya anthu akuluakulu, maganizo amathamangira ku sukulu ya kwacha, komwe agogo amaphunzira kugwira pensulo ndi kulemba dzina lawo. Ku Britain kuli aphunzitsi a mtundu wina. Ophunzira awo amadziwa kale kulemba ndi kuwerenga, ena ndi aimvi, koma akaweruka kuntchito amabwera kudzamva mbiri ya dziko lawo, chikhalidwe cha anthu ndi kayendedwe ka chuma. Pamapeto pake palibe mayeso, palibenso satifiketi. Ine ndimaiona ntchito imeneyi kuti ndi imodzi mwa ntchito zolemekezeka kwambiri za uphunzitsi, ngakhale kuti eni ake sanalemerepo nayo.

Inakhazikika bwino m'chaka cha 1903 pamene Albert Mansbridge, kalaliki amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14, anayambitsa pamodzi ndi mkazi wake Frances bungwe limene pambuyo pake linadzatchedwa Workers' Educational Association, mwachidule WEA. Cholinga chinali choti maphunziro a ku yunivesite afike kwa anthu a m'mafakitale ndi m'migodi, komwe amakhala.

Mphunzitsi woyamba wa makalasi aakulu a bungweli anali R. H. Tawney. Kuyambira m'chaka cha 1908 iye ankakwera sitima mlungu uliwonse. Lachisanu madzulo ankaphunzitsa ku Longton, dera la oumba mbale ndi makapu, ndipo Loweruka masana anali ku Rochdale, tauni ya mafakitale a nsalu za thonje. Ophunzira ankalonjeza kukhalamo zaka zitatu, kukumana ka 24 pachaka, komanso kulemba nkhani zoti mphunzitsi azichonga. Kalasi linkatenga maola awiri. Ola loyamba ankalankhula mphunzitsi. Lachiwiri linali la ophunzira, kufunsa ndi kutsutsa.

Luso lenileni la ntchitoyi lili m'ola lachiwirilo. Mwana wasukulu ukamuuza kuti antchito a m'mafakitale ankavutika, amangolemba m'kope. Koma munthu amene wakhala pamakina oombera nsalu kuyambira ali mwana amakufunsa kuti wazitenga kuti, nakuuza zimene bambo ake anamusimbira, ndipo nthawi zina zimasiyana ndi za m'buku lako. Mphunzitsi wodzimva sakhalitsa pamenepo, chifukwa wophunzira wamkulu sakakamizidwa ndi wina aliyense: akakhumudwa, mlungu wamawa amangokhala kunyumba. Pamafunika munthu wodziwa phunziro lake mwakuya, koma wotha kukhala chete kuti wamanyazi wa kumbuyo alankhule, wothanso kuletsa mwaulemu bambo amene afuna kulankhula yekha ola lonse. Pamafunikanso chifundo pochonga nkhani ya munthu amene wailemba usiku manja atatopa, zilembo zokhotakhota koma maganizo akuthwa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mabuku ena otchuka a mbiri ndi chikhalidwe cha Angerezi anabadwira m'makalasi otere. E. P. Thompson anali mphunzitsi wa akuluakulu pansi pa yunivesite ya Leeds, akukhala ku Halifax, ndipo ankazungulira matauni a oomba nsalu za ubweya ku Yorkshire pamene ankalemba The Making of the English Working Class, limene linatuluka mu 1963. Richard Hoggart ankagwira ntchito yomweyi pansi pa yunivesite ya Hull pamene anatulutsa The Uses of Literacy mu 1957. Raymond Williams anaphunzitsa akuluakulu ku Sussex pansi pa Oxford kuyambira 1946, ndipo Culture and Society analitulutsa mu 1958 akadali pantchitoyo. Onsewa ankalemba za moyo wa anthu wamba pamene madzulo aliwonse ankakhala maso ndi maso ndi anthu wambawo, oti akanama akanawadzudzula pomwepo.

Mphunzitsi sagwira yekha. Kumbuyo kwake kuli mlembi wa nthambi ya WEA, kawirikawiri wongodzipereka, amene amapeza chipinda mulaibulale kapena muholo ya tchalitchi, amatolera ndalama, ndi kukopa anansi kuti chiwerengero chikwane. Kale kunkayendanso bokosi la mabuku limene yunivesite inkatumiza kukalasi kuti ophunzira azibwerekana.

Ntchitoyi inawolokanso nyanja. David Kimble anatsogolera maphunziro a akuluakulu a mtundu umenewu ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana, asanadzakhale mkulu wa Yunivesite ya Malawi mu 1977. Lalage Bown anatsogolera nthambi ya maphunziro otere ku Yunivesite ya Zambia kuyambira 1966.

Lero zinthu zasintha. Mayunivesite ambiri a ku Britain anatseka nthambi zawo zophunzitsa akuluakulu, ndipo ndalama za boma zinapendekera ku maphunziro opezetsa ntchito, monga Chingerezi, masamu ndi kompyuta. Maphunziro amenewa ndi ofunika, sindikukana. Koma kalasi la mbiri yakale tsopano limadalira kwambiri thumba la wophunzira, ndiye amene amadzaza mipando nthawi zambiri ndi anthu opuma pantchito okhala ndi penshoni, osati oumba mbale amene Mansbridge ankawafuna. Okalamba ena anadzipezera njira yawo mu University of the Third Age, imene inayambira ku Toulouse ku France mu 1973 n'kufika ku Britain mu 1982. Ku Britainko mamembala amaphunzitsana okha, popanda wolandira malipiro.

Mphunzitsi wolipidwa watsala ngati waganyu. Ambiri amalipidwa pa ola, ndipo amaphunzitsa m'malo angapo, monga ku WEA, ku City Lit kapena ku Morley College mu London, ena pa intaneti. Amatha milungu akuwerenga ndi kukonza maphunziro a teremu yonse asanadziwe ngati anthu alembetsa okwanira. Akapanda kukwana, kalasi limathetsedwa, ndipo malipiro a teremu imeneyo amapita nalo limodzi.